Dzina M'khosi mwa Jekete

Inabwera Lachiwiri, itapindidwa m'jumbo,
jekete ya pa mulu wa kaunjika, kuseri kwa depoti ya Kasungu.
A Msulira anaigula ndi ndalama za fodya.
Manja ake anali a munthu wothyola mapapaya osakwera mumtengo.
Ndifupikitsireni, anatero, Loweruka kuli chinkhoswe.

Nditaitembenuza kuti ndimasule ulusi
ndinapeza kansalu koyera m'khosi,
zilembo zofiira, zosokedwa pamanja: Schneider.
Ndinayesa kuwerenga mokweza.
Lilime linapunthwa pa zilembo zinayi zoyambazo,
zothinana popanda popumira
ngati anthu m'minibasi ya ku Santhe.
Sikineida, ndinatero. Sichinedere.
Mnyamata wa mandasi anaseka mpaka kugwetsa chenji.

Madzulo Tinenenji anafunsa foni yake.
Munatuluka mawu a mayi wosaoneka, odekha: Shinaida.
Bwereza, mwanawe.
Shinaida.
Zilembo zitatu zoyamba n'kaphokoso kamodzi,
kaja timaingitsira nkhuku pamphasa ya mphale.
E ndi i zikakumana kumeneko zimati ai,
ndipo r wakumapeto samveka n'komwe,
amachoka ngati mlendo wolawira eni nyumba ali m'tulo.

Nanga tanthauzo?
Anawerenga chamumtima, nandiyang'ana.
Wodula. Wodula nsalu.
Telala, bambo.

Sizasi inali m'manja. Ndinaiika pansi.

Akuti ku Jeremani dzinali lili ponseponse,
pa zitseko za madokotala, pa mayunifolomu a oyendetsa sitima,
pa makope a ana a sukulu.
Ambiri a iwo sanalowetsepo ulusi pa singano.
Koma kalekale panali munthu pakhonde lina,
wowerama msana, choko kukhutu,
amene anzake anatopa kumufunsa dzina
n'kumangoti: pita nayo kwa wodula.
Ntchito inam'meza, dzina n'kutsala,
zidzukulu n'kulivala osaliyeza.

Ine ndine Elifala Kanyinji.
Ndani akudziwa?
Zaka makumi atatu ndikupalasa makina pakhonde lomweli,
mwendo wamanja unakula kuposa unzake,
ndipo tauni yonse imati a Telala.
Pamaliro, a Telala apemphere.
Kuchipatala namwino analemba Telala pakhadi, ine osatsutsa.
Tinenenji kusukulu ndi mwana wa a Telala,
iye amene akufuna kudzakonza magetsi
ndipo batani likaduka amabwera nalo kwa ine.

Usiku umenewo tulo tinavuta.
Ndinkaganiza za mwini jekete,
wamtali, wa kudziko lozizira.
Kodi ali moyo? Kapena ana ake anakhuthula kabati
maliro atatha, osayang'ana m'khosi?
Amene anasoka kansaluko dzanja lake silinanjenjemere,
koma pa d anabwereza kawiri.
Ndimadziwa: ulusi unamuthera pamenepo.

Lachisanu ndinadula manja, zala zinayi mbali iliyonse,
ndinabweza mabatani atatuatatu m'malo mwake.
Kansalu kaja makasitomala amati tizichotsa,
dzina la mwini wakale limayabwa.
Sindinachotse.
Ndinafunafuna ulusi wofiira m'chitini cha bisiketi
ndipo pansi pake, ting'onoting'ono,
ndinasoka zilembo zisanu ndi chimodzi zanga.

A Msulira anavala, natambasula manja, nati yakhala.
Anakwera kabaza kulowera ku Chankhanga
atanyamula atelala awiri pakhosi,
iwo osadziwa.