Maso a Wosankha Fodya

Zaka khumi ndi zinayi ndinasankha fodya
m'shedi ya esiteti ku Chamama,
tsamba ndi tsamba, mpaka maso anga anadziwa
kuti kufiirira si kumodzi:
kuli kwa uchi, kuli kwa dzimbiri,
kuli kwa chikopa cha mbuzi chouma pamtanda,
kuli kuja kwa tsamba lonyambitidwa ndi mvula usiku
lomwe kapitawo ankangoliponya pansi osayankhula.

Chifuwa chitandichotsa ntchito
ndinatuluka pageti ndi maso okhawo.

Lero ndimakhala pakhonde la sitolo ya a Chimphepo,
kuseri kwa depoti ya Kasungu,
thireyi pamiyendo,
mikanda m'tizitini tomwe munali mafuta odzola.
Anyamata a kabaza amaseka:
bambo wamvi zake kutunga mikanda!
Alongo awo ndi omwe amabwera chakumadzulo
n'kumanong'ona muyezo wa m'chiuno
akuyang'ana kumbali ngati akufunsa mtengo wa sopo.

Sindiyamba ndi singano ayi.
Ndimayamba ndayang'ana.
Mwezi wa Okutobala phiri limatuwa ngati phulusa,
fumbi la msewu wa ku Mtunthama limafiira,
mtengo wa pachipatala umagwetsa maluwa apepo.
Ndiye otuwa atatu, wofiira mmodzi,
wapepo patalipatali
kuti diso liziusowa.

Mphonje nayo ili ndi mwambo wake.
Ulusi ndimaukulunga pa kakatoni maulendo makumi anayi,
kuumanga pakhosi, kuudula kumapazi,
kuupesa ndi chipeso chothyoka mano.
Mphonje yabwino imapitiriza kuyenda
mwini wake ataima kale.

Lachiwiri lapitali kunabwera Mwandida wa ku Santhe,
kansalu kali m'pepala la shuga.
Akuti chinkhoswe ndi mwezi wamawa,
akufuna wam'khosi ndi ndolo zamphonje
zofanana ndi chidutswa ichi,
chotsala cha chitenje cha malemu mayi ake.

Ndinakatembenuza kansaluko.
Pamwamba kubiriwira kotopa,
kodyedwa ndi dzuwa la m'munda ndi sopo wa pachitsime.
Nditafunyulula mpendero, mkati
munabisala kubiriwira kwina,
kowala ngati nazale ya mu Novembala.

Ndinati, mwanawe, apa pali mitundu iwiri.
Uwu ndi umene mayi ako anagula.
Uwu ndi umene anavala.

Anakhala chete, basi ya ku Mzuzu mpaka kudzaza.
Kenako chala chake chinagwera pofwifwa paja.
Anati, ine ndinawadziwa ali apa.

Koma mkanda wotero saugulitsa.
Ndinafunsa ku Lilongwe, ndinatuma wopita ku Chipata.
Fakitale sipanga mtundu wa zaka makumi awiri zakuchapa.

Usiku utatu ndinatunga n'kumasula.
Wobiriwira, wotuwa, woyera, sizinagwire.
Wobiriwira awiri, wotuwa, sizinagwirenso.
Mpaka ndinakumbukira belo la fodya:
ukaliyandikira tsamba lililonse ndi lakelake,
ukaima pakhomo la shedi onse agwirizana.
Ndinaonjeza kamkanda kachikasu, kamodzi pa khumi,
ka mtundu wa tsamba la pansi lija
limene limayamba kupsa anzake asanaganize.

Dzulo wabwera.
Ataugwira m'manja nkhope inagwa,
anati, koma agogo, uwu ndi wamawangamawanga.
Ndinaukoleka pa msomali wa chitseko
pamodzi ndi kansalu kaja.
Ndinati, woloka msewu, ukaime paja pogulitsa chinangwa.

Anawoloka. Anatembenuka.
Lole ya mabelo inadutsa pakati pathu,
fumbi linatenga nthawi yake.

Litakhazikika ndinamuona ataima pomwepo,
dzanja lili pakamwa,
wachinangwa akumufunsa kachitatu
ngati akufuna chamchere.

Ndalama anasiya pathireyi sindinawerenge.
Zili m'kachitini kopanda kanthu
momwe munkakhala otuwa.