Ndisanapemphe

Zaithwa anandilanda foni Lamlungu madzulo
ndikusita yunifolomu ya usiku.
Akuti, mayi, bandulo yanuyi simukudya ndinu ayi,
akudya ndi msakatuliyu.
Amatsegula masamba musanamutume,
amalosera pomwe chala chanu chigwere
n'kukalambuliratu njira.

Chala chake chinatsika makwerero atatu a tizilembo
mpaka pa kabatani kowala ngati diso la mphaka.
Kuyatsa, kuzimitsa, zili kwa inu.
Anabwerera ku homuweki yake.

M'basi ya hafu seveni yochoka ku Grimsby,
mazenera akutuluka thukuta,
ndinafuna kuona zomwe foniyi imandidziwa.
Mtengo wa paundi pa kwacha, unali utayalidwa kale.
Tikiti ya ku Manchester yokatera pa Chileka, kale,
ndi mtengo wake uja wosatsika ngakhale uupempherere.
Tsamba la viza yotha mu Malichi, kale.
Ndi lija lotumizira ndalama,
dzina la achemwali lili pamwamba penipeni,
chonsecho achemwaliwo tinawaika chaka chatha
ine ndikuonera mwambo pa kagalasi komweka,
chithunzi chikuduka pakati pa nyimbo.
Koma iyo ikunditsegulirabe chitseko.
Anaiuza ndani kuti ndikulowa?

Ku ntchito, chipinda nambala naini, kuli bambo Pickersgill
amene anatha zaka makumi atatu akukoka nsomba m'madzi oundana,
manja ngati zingwe zakale.
Ndimawadziwa mmene foni indidziwira ine.
Asanatsokomole, madzi ali kale m'manja.
Asanayang'ane ku zenera, katani ndakoka.
Tiyi wa masupuni awiri a shuga
amafika kukhosi kusanaume.
Abwana amanditama nazo pa msonkhano.

Usiku umenewo anakankha kapu, pang'ono chabe, osataya.
Anati, mwanawe, tandilola ndipemphe.
Mawu atsala ochepa m'kamwa muno.
Ukandilanda ndi limeneli lomwe, nditsala ndi chiyani?

Ndinaima ndi thireyi.
Wotchi ya pakhoma inayenda yokha.
Anafufuza liwulo ngati munthu wofuna makiyi m'thumba lobooka,
ine ndikulidziwa, lili pansonga pa lilime langa,
ndinaliluma.
Patatha mphindi yathunthu anati, koko.
Osati tiyi. Koko.
Miyezi isanu ndi itatu
ndakhala ndikuwamwetsa kulosera kwanga.

Pa buleki ya thiri koloko, m'khitchini,
firiji ikung'ung'udza, mapazi akuwawa m'nsapato,
ndinatsika makwerero atatu aja ndekha.
Ndinasochera kawiri.
Kenako kabatani kanazima, kanatuwa ngati phulusa.

Tsopano ndikadina, kamkombero kamayamba kazungulira.
Masekondi awiri, atatu,
pena asanu ndikakhala kumpando wakumbuyo m'basi
mvula ikumenya malata.
Zaithwa akuti ndadzibweza m'mbuyo,
anthu akuthamanga ine ndikudikira dala.
Mwina.
Koma m'kamphindi kameneko
ndabwezapo chala kawiri pa tsamba la tikiti,
ndalama ya lendi n'kugona bwino.
Ndipo dzina la achemwali silindichingamiranso panjira.
Limabwera ndikaliitana ndekha,
nditakhala pansi, nditavula nsapato,
tiyi wanga atazizira kale.

Bandulo yafika pa twente sikisi mwezi uno,
sinachitepo.
Dzulo bambo Pickersgill anatsegula pakamwa,
ine manja kumbuyo, ketulo isanayatsidwe,
ndinawadikira mpaka anafika.
Anapempha tiyi.