Galu Ali ndi Dzina

Ntchito yanga ili m'chipinda chapansi ku Brussels,
kumene dzuwa timangolimvera mbiri.
Ndimavala magolovesi oyera
kuti thukuta langa lisadetse zithunzi za atsamunda.
Chimodzichimodzi ndimazigoneka pagalasi,
kuwala n'kudutsa, makina n'kumeza.

Lachiwiri ndinatola ichi:
mzungu wa chipewa chonga chigoba cha kamba
wakhala pampando wansalu, mwendo pamwendo.
Kumbuyo kwake kwaima mkazi wonyamula ambulera,
mthunzi wonse wagwera bwana.
Kuseri kwa pepala, ndi inki yofiirira:
Kaputeni Verhaegen ndi galu wake Pistache.
Basi.
Galu ali ndi dzina.

Ndinamuyang'ana mkaziyo mpaka khofi wanga anazizira.
Ali ndi chipsera pachibwano.
Sakuyang'ana kamera, maso ali kumanzere,
kunja kwa malire a chithunzi,
mwina mwana akukwawira kuchitsime, mwina mvula ikubwera.
Makina anati nkhopeyi yada kwambiri, aikonza.
Anaiwalitsa mpaka inatuwa ngati phulusa.
Ndinabweza. Anaiwalitsanso.
Tinakokana katatu, ine ndi makina,
Bambo Vanderhulst asanatsike kudzafunsa
chimene chikuchedwetsa bokosi la 41.

Pa fomu pali mpata wolembapo anthu a pachithunzi.
Malangizo amati: koperani zimene zinalembedwa.

Madzulo m'sitima ya mumsewu
mayi wina anakokera chikwama chake pachifuwa,
kenako manyazi anamugwira, anamwetulira, nati: kwanu n'kuti?
Ndinati ku Liège.
Ayi, kwanu kwenikweni.
Kwenikweni ku Liège, mayi,
chipatala cha m'mbali mwa mtsinje, usiku wozizira wa Januwale.
Sindinamuuze kuti ku Mbuji-Mayi, chaka tinakaika bambo,
azakhali ankanditcha wa ku Ulaya uja
n'kumaseka Chiluba changa chotsimphina.
Ndimayenda ndi makiyi a nyumba ziwiri
ndipo pa zitseko zonse ndimagogodabe.

Kunyumba ndapeza mwana wanga Ilunga wabwerako
kumene amasankha ochita mafilimu.
Zaka zinayi pasukulu ya zisudzo,
lero amupatsa mizere itatu: wogulitsa chamba pakona.
Mwezi watha anali mlonda wosatsegula pakamwa.
Amuuza kuti Chifalansa chake chawongoka kwambiri,
tachithyolako pang'ono, ulankhule ngati wongotsika m'bwato.
Akundionetsa m'khitchini mmene anachithyolera,
supuni m'manja, diso limodzi lotsinzina,
tikuseka, tikuseka, mpaka kusekako kwaleka kukoma.
Lendi ndi ya Lachisanu.
Avomera.

Pa wailesi ya kanema, nkhani za usiku:
bwato lina, mabulangete onyezimira,
mitu yowerengedwa ngati matumba a makala,
makumi anayi ndi isanu ndi iwiri.
Maina olembedwa mmunsi ndi awiri okha,
la mtolankhani ndi la sitima yowapulumutsa.

Tulo sitinabwere.
Lachitatu ndinatsegulanso fomu ija.
Dzina lopeka sindingamupatse,
anamusenzetsa kale zambiri zimene sanapemphe.
Ndinalemba:
mkazi wa chipsera pachibwano, wanyamula ambulera,
akuyang'ana kumanzere.
Dzina lake amake ankalidziwa.
Wojambula sanafunse.
Ndinamuika iye poyamba, Kaputeni pambuyo, galu kumapeto,
ndipo nkhope ndinaisiya yakuda mmene inalili.

Mwina Bambo Vanderhulst afufuta akaona.
M'bokosi la 41 mwatsala zithunzi mazana atatu,
chapamwambachi chili ndi amuna asanu ndi mmodzi
asenza mzungu pamachira, akuwoloka mtsinje.
Ndavalanso magolovesi.
Sindinachitembenuzebe.