Kachilumba ka pa Zoo Lake

Lamulungu, abwana akapita kutchalitchi,
ndimatsika ndi msewu wa Jan Smuts wapansi
mpaka pamadzi obiriwira ngati ndulu
pomwe mabwato a lendi amagundana mphuno.
Pakati pali kachilumba. Munthu sapondapo.
Mitengo yake yachita mbuu ndi zitosi,
nthambi zawerama ndi zisa,
akakowa akulongolola ngati pa Park Station
tsiku lonyamuka basi ya kumudzi.

Tamirati, mwini kashopu ka ku Mayfair,
ndiye anandiuza kuti kwawo ku Itiyopiya
kuli nyanja yogona m'kamwa mwa phiri.
Phirilo linasanza moto makedzana,
litatopa linagwera m'mimba mwake momwe,
mvula n'kudzaza chilondacho.
Madzi ake ndi amchere, akuti, akuda ngati tiyi wosathira mkaka,
m'mphepete mumabwata moti dzira lingapse.
Nsomba mulibe.
Koma avuwo amaikira momwemo, pa miyala ya pakati,
poti fisi sangasambire mtunda wonsewo.
Kukacha amadumpha phiri kukadya kunyanja ina,
dzuwa likapendeka amabwerera, khosi lili lendee
ndi chakudya cha ana.

Ankanena izi akuwerenga chenji kuseri kwa waya,
maloko atatu pachitseko.
M'mwezi wa Ogasiti anamuotchera shopuyo.
Ndamva wayambanso ku Rosettenville, ndi mashelefu awiri.

Joninso pansi pake ndi mphako yokhayokha.
Usiku wina migodi yakale imatembenuka kutulo,
makapu a abwana n'kulira m'kabati,
galu n'kuuwa khoma.
Ine ndimagwira foni. Ku Bilira n'kutali,
Mwatitha wameta, akuti, ndipo nsapato zamuthina.
Dzinkambani sandidziwa mawu,
amati moni azakhali, n'kuthawa.

Taonani uyo kakowa
wanyamula kapulasitiki ka buledi kukamwa
m'malo mwa udzu.
Mkazi wake wakalandira, wakasomeka pansi pa mazira,
wakhalapo bwinobwino.
Kamwana kena kagwera m'madzi kuchokera chisa chapamwamba,
kakupalasa ndi phiko limodzi.
Achibwenzi a m'bwato akukajambula.
Make ali m'mwamba, akungozungulira, akungozungulira.

Faifi koloko yakwana.
Ndatsala ndi theka la sikono, ndaponyera abakha.
Geti amatseka sikisi
ndipo galu uja sanadye.