Kuwerenga Zala

Junie akuti, “Ababa, tambasulani dzanja,”
ndiye ndatambasula mmene lingathere.
Zala zinayi zaloza kukhomo,
chachisanu chinagalukira kalekale, chaloza kwake.

Kaching'onoka kanathyokera ku Camden, ku Alabama,
kuseri kwa galaja ya amalume Roosevelt,
amene ankandiponyera zidutswa za njerwa
dzuwa likapendeka.
“Ukawakha njerwa, Lavelle,
mpira udzakufewera ngati buledi.”
Za mpira sananame.
Anangoiwala kunena za anthu
amene amabwera pambuyo pa mpirawo.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri
anandiimika ndi kabudula yekha pamaso pa azibambo a mawotchi.
Anayeza chikhatho, anayeza mkono,
anapinda bondo kumvetsera ngati likulira,
kenako mayadi makumi anayi, fuu,
masekondi anayi ndi kachidutswa.
Mayi Odessa anaonera pa kanema, nati,
“Msika wotere kuno tinaumvapo.”
Komabe anakazinga nsomba kudikira foni.
Lachinayi zii. Lachisanu zii.
Inalira Loweruka, nsomba zitazizira,
mayina mazana awiri atatchulidwa kale.

Ntchito yakeyo, mwanawe, ndi iyi:
umathawa mpira kuti ukakumane nawo.
Mapazi khumi ndi awiri, kunamiza ndi phewa,
kutembenuka,
ndipo uli kale m'mwamba, ukuzungulira ngati chikungwa cha mbewu,
woponya wautumiza pamalo pomwe sunafike.
Umakweza manja onse awiri
nthiti n'kutsala pamtunda,
ukumva mtunda wa munthu ukudza chakumanzere.
Ukayang'ana munthuyo, mpira wagwa.
Ukayang'ana mpira, wagwa ndiwe.
Ndinkayang'ana mpira.

Chamkombaphalachi ndi cha Disembala wina kumpoto,
chipale chikuwaza ngati ufa wotayika,
mpira utauma gwa.
Akuti ndinauwakha ndi nsonga za zala,
ndikukhwekhwereza zala zakumapazi mkati mwa mzere,
anthu zikwi makumi asanu ndi awiri n'kuimirira.
Akuti.
Ine ndinaziona mawa lake pa kanema
monga wina aliyense.
Chomwe ndikukumbuka ndi tochi m'diso,
dokotala akufunsa, “Tili mumzinda uti?”
Ndinatchula mzinda umene unandichotsa chaka chatha.

Pochotsa munthu sakalipa ayi.
Amatuma kamnyamata kaulemu kudzagogoda mbandakucha:
“Akochi akukufunani. Mutengenso buku la timu.”
Ukatuluka muofesimo
upeza dzina lako alimatula kale pakabati,
nsapato zili m'jumbo lakuda la zinyalala.
Jumbo lotero ndalisenza kanayi.
Lomaliza ndinalisenzera ku Regina, ku Canada,
kumene bwalo n'lotambalala
ndipo mphepo inkandithamanga kuposa anyamata.
Bondo linalira lija ankalimvetsera.

Zaka zisanu ndi ziwiri.
Mipira zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu
inakhazikika m'manja muno,
ili m'mabuku, aliyense angawerenge.
Koma usiku sindiyo imandichezera.
Imabwera khumi ndi isanu ndi inayi ija inapulumuka,
umodziumodzi, mwandondomeko,
makamaka uja unandimenya pachifuwa penipeni
palibe ndi mmodzi yemwe pafupi nane,
bwalo lonse n'kuusa moyo kamodzi.

Masiku ano ndimagulitsa matayala ku Selma.
Mabatani a malaya amandimangira Junie,
ndipo nthawi zina ndimaima pakati pa sitolo
nditaiwala chomwe ndadzatenga.
Kasitomala wina anandiyang'anitsitsa, nati,
“Kodi si inu munkavala nambala eyite-sikisi?”
Ndinati, “Matayala anu akutsogolowa atha.”

“Nanga chachikuluchi?” akufunsa Junie.
Chimenecho sichinathyokepo, mwanangu.

Watenga lalanje patebulo, wabisa kumbuyo,
ndatembenuka kuti ndizimitse mbaula,
waponya osandichenjeza.
Sindinalione n'komwe.
Ndangomva kuti wakhu,
lalanje lili m'dzanja,
zala zopotoka zija zalifumbata
osandifunsa.