Mwala wa pa Mzere

Ku Mabvuku mwala unali ndi dzina.
Wanga ndinaulemba ndi penti wofiira, N wa Nasibeko,
ndinkakauika pa mjigo kusanache
kuti undiimirire pa mzere
ine ndikathamangira kukayamwitsa.

Mpopi wa m'nyumba unauma kalekale.
Tawina wafika Fomu 2
osaonapo dontho likugwa pakamwa pake.
Amapachikapo chikwama cha mabuku.

Tsiku lija, Okutobala, fumbi lili m'mano,
ndinapeza mwala wanga uli m'ngalande,
pamalo pake zigubu zisanu za Mai Gwatidzo.
"Mubhurandaya iwe," anatero,
"madzi ako ali kutsidya kwa Zambezi."
Ine wobadwira pa kiliniki ya pakona apo!
Ine mdzukulu wa munthu amene anapuma fumbi la simenti
mpaka chifuwa chinamutenga!

Sindikumbuka kuwerama.
Ndikumbuka magazi pamwamba pa diso lake,
anyamata ogulitsa malo pa mzere akuseka,
ndi mjigo, kwii, kwii, osaleka,
palibe anasiya chigwiriro.

Anatithamangitsa tonse awiri.
Sabata imeneyo tinamwa za m'chitsime cha kudambo,
kumunsi kwa zimbudzi.
Lachitatu tinakumana kuchipatala,
mabedi oyandikana, ana athu ali pa diripi,
aliyense maso kukhoma lake.

Chaka chino akumba wina kuseri kwa sukulu,
woyendera dzuwa, thanki pamwamba, mipopi isanu ndi itatu.
Madzi ake amamveka mankhwala pang'ono.
Mzere ulipo, koma sutalika kuposa moni.
Komiti, kaya mwadala kaya ayi,
inapatsa iye makiyi, ine kope.

Sitinapepesane.
Dzulo wandisenzetsa ndowa.
Nkhata itapendama anaikonza ndi chala,
ndipo ndinachiona pafupi chipsera chija,
chaching'ono ngati njere ya mpunga.
Anati m'Chishona, mukutaya madzi amai.
Ndinayankha m'Chichewa, alipo ambiri.
Tinamvana.

Mwala uja ndinakautola m'ngalande.
Umagwira chitseko kuti mphepo isachimenyetse,
N wake akunka nafufutika,
ana amaswerapo mtedza.

Koma mitambo ikakuta masiku atatu,
pampu n'kuyamba kukhosomola,
thanki n'kumalira ngati ng'oma ukaigogoda,
ndimadzuka usiku ngati kale,
n'kudzipeza ndaima pakhomo,
ndikuuyang'ana.