Chilumba Chimene Mulibe M'kabuku

Anatsika Thabwa m'mamawa, makutu atatseka,
nadzandipeza padooko nditakapa kale madzi m'bwato.
Anali atatu: bambo wachipewa chotambalala,
mkazi wake wonunkhira mafuta othamangitsa udzudzu,
ndi mtsikana wa kabuku m'manja, mwini mafunso.

Dzana akuti anali kumapiri, kwa olima pamtsetse,
anagulako nthochi ndi nsengwa ziwiri.
Dzulo anali ku Khulubvi,
kumene anawavula nsapato, nawaletsa kujambula,
ndipo mpaka pano zikuwawawabe.
Lero ndi tsiku la madzi. Kabukuko katero.

"Achimwene a Zuze, nanga njovuzo zili kuti?"
Ndinaseka. Dambo lino langotsala ndi dzina
ngati namfedwa wosunga jekete la mwamuna wake.

Ndinakankha bwato.
Namasupuni anatipatukira monyinyirika
n'kutsekanso njira kumbuyo kwathu.
Mvuu inafwenthera kuseri kwa gumbwa,
mayi aja anagwira mkono wanga, nkhafi n'kutsala pang'ono kugwa.

Bamboyo ndi woyenda maiko.
Anasimba za gombe la nyanja yamchere
kumene mitengo imaima m'madzi,
mizu ili pamtunda ngati miyendo ya dokowe.
Ndinati dikirani, bwana,
nafenso tili nayo mitengo yoima m'madzi,
kungoti yathuyi sinachite kufuna.

Dzuwa litafika paliwombo tinafika.
Kamtunda kochepa ngati lichero lovundikira,
mango umodzi wouma theka,
akakowa ali mbuu panthambi zake,
ndipo chapafupi chitsulo chikusuzumira m'madzi,
nankapakapa atatera pamwamba pake.

"Imani pomwepo! Musagwedeze!"
Makamera anati khethe, khethe.
Sanadziwe kuti chitsulocho ndi mkono wa mjigo,
kuti mkazi wanga Fineti ankakanganirana pamenepo mzere,
kuti pansi pa bwato lathu, mikono iwiri,
pali bwalo limene ana ankamenyerapo mpira wachikulunga.

Mangowo anabzala ndi Alufazema.
Chaka chimene Ruo anakana njira yake yakale
tinagona m'mwamba mwake usiku uwiri,
anthu khumi ndi mmodzi ndi mbuzi yomangidwa m'chitenje.
Usiku wachiwiri mkuluyo anati ulimba wake ukunyowa,
zikwa zake zikumuitana.
Anatsika.
Mpaka lero sanakwerenso.

Zimenezi sindinanene.
Mtengo wa ulendo tinapangana kale padooko,
ndipo maliro sanali m'kati mwake.

Mayi aja anathyola duwa la nyika nalisomeka m'tsitsi.
Linawakhala, sindinama.
Ine ndikaona duwalo, m'kamwa mumandiwawa:
miyezi inayi tinkamira kukazula mizu yake,
diso limodzi kumatope, lina kwa ng'ona.

Mtsikana anavundukula masamba, kutsogolo, kumbuyo.
"Chilumba chino mulibe m'kabuku. Dzina lake?"
Ndinati, kwa Alufazema.
Analemba. Anandionetsa. Analakwitsa chilembo chimodzi,
koma ndinangogwedeza mutu;
mwini dzina naye sankadziwa kulilemba.

"Anali mfumu?"
Ayi, mwanawe. Anali woimba ulimba.
Akagunda, anthu ankasiya thonje m'munda.

Anakhala chete kuyambira pamenepo mpaka kudooko.
Atatsika onse anabwerera yekha,
nandifunsa ngati mango aja amabalabe.
Mbali imodzi, ndinatero. Ndi okoma zedi.

Mawa akuti akaona mlatho wothyoka wa ku Chiromo,
njanji yolendewera m'malere, ajambulenso.
Galimoto yawo inakweza fumbi kulowera ku Bangula.

Ndalama ndinawerenga kawiri: ufa, sopo, fizi ya Tchale.
Madzulo ndinabwerera kukatchera ukonde wa makakana.
Bwato ndinalimangirira pa mkono wa mjigo,
monga ndichitira masiku onse,
ndipo chifukwa cha chizolowezi chabe
ndinaupopa kamodzi.